Mulungu Anandisungira Dzina la Bambo Anga

Ine ndine mwana wa ku Mvera, kwa Mfumu Chiwere m'boma la Dowa, koma lero ndine mkamwini wa ku Chunga muno mu Lusaka. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ndapempha malo ano kuti ndinene zimene Mulungu wandichitira pa nkhani ya mapepala, chifukwa ndikudziwa kuti m'makomboni athu ano, ku Matero, ku George, ku Kanyama ndi ku Chawama, muli a kwathu ambiri amene nkhani imeneyi imawasowetsa tulo koma amangoimeza.

Ndinafika mu Lusaka mu June 2021. Kampani ina ya ku Lilongwe inapata ntchito yomanga zigayo ndi matanki cha ku msewu wa Mungwi, ndipo inatenga anyamata angapo, ine mmodzi wa iwo. Abwana ndiwo anatitengera chiphaso cha ntchito ya kanthawi, chimene sichipitirira miyezi 6. Tinadutsa pa Mchinji ndi pa Mwami titanyamula makalata oti tayezedwa matenda a korona, kenaka Chipata, Katete, Petauke, Nyimba, mpaka pa mlatho wa Luangwa pomwe basi imaima kuti anthu agule nsomba zouma. Titafika tinapeza dziko lili pa maliro. A Kenneth Kaunda anali atamwalira pa 17 June ali ndi zaka 97, ndipo wayilesi iliyonse m'tuntemba inkangoimba nyimbo za chisoni. Mumtima mwanga munalibe zokhala kuno. Ndinabwera kudzapeza ndalama ya malata a nyumba ya mayi anga, basi.

Nyumba za pafupi ndi ntchito zinali zodula, choncho ine ndi mnzanga tinapeza kachipinda ku Chunga. Amene mumakhala kuno mukudziwa mmene mphepo ikatembenuka utsi wa kudzala umalowera mpaka m'zofunda, ndi mmene magalimoto a maliro amadutsira tsiku ndi tsiku kupita kumanda. Lamulungu loyamba ndinatulutsa kalata yanga ya mpingo wa CCAP ndi kuyamba kufunsa kumene ndingapembedze. Anandilozera ku mpingo wa Reformed. Mkulu wa mpingo amene anandilandira atangoona kuti kalata yachokera ku Mvera anandigwira mkono ndi manja awiri, nati, "Mwana wanga, wafika kwanu. Kwanu amishoni anafika mu 1889, kwathu ku Magwero anafika mu 1899. Inu ndinu akulu athu." Chipembedzo masiku amenewo chinali cha ola limodzi chifukwa cha mliri, aliyense atavala chophimba kukamwa, koma nyimbo ndinkazidziwa zonse ndipo ndinaimba osatsegula buku.

Geti ya tchalitchi inali itathyoka hinji ya pansi, ndipo anthu ankachita kuinyamula potsegula. Loweruka lina ndinabwereka makina kuntchito kuti ndikonze. Magetsi atabwera ndinayamba kuwotcherera, ana a Sande sukulu atandizungulira, ine ndikuwathamangitsa kuti moto ungawapweteke maso. Ndili mkati mwa ntchito, mtsikana wina wa kwaya amene ankasesa m'tchalitchi anabwera ndi kapu ya tiyi ndi zitumbuwa ziwiri m'mbale yovindikira. Anagwada patali, nayika mbale pa njerwa, nati, "Akuti mumwe asanazizire." Kenaka anayang'ana malaya anga amene anali odzaza zibowo za moto, nati, "Mukabwere nawo kumsika, ndili ndi makina osokera." Ndinapita nawo. Mlungu wotsatira ndinapita ndi ena amene analibe chibowo n'chimodzi chomwe, ndipo iye anawatembenuza uku ndi uku, n'kuseka. Ameneyo ndiye mayi a kunyumba kwanga lero.

Mu December ntchito inatha, chiphaso chinathanso, ndipo ndinabwerera kwathu monga lamulo likunenera. Mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anatsala, akuti maganyu a kuno ali ndi ndalama. Ine ndinakakhoma malata a mayi, n'kuuza amalume kuti ndaona mbeta ku Zambia. Amalume sanadabwe. Anati agogo athu ambiri anapita ku migodi ya kopa nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, ena n'kukwatira komweko, ndipo mpaka lero Achewa a Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika chaka chilichonse pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Atamva kuti makolo a mtsikanayo kwawo ndi ku Katete anangoti, "Ndiye kuti ukukwatira pakhomo."

Kwa amalume kunali pakhomo, koma kwa boma kunali kunja. Mmalawi safuna viza polowa mu Zambia, komabe mlendo wamba amapatsidwa masiku 90 okha pa chaka, ndipo pa masiku amenewo saloledwa kugwira ntchito. Nditabwera ndi ankhoswe mu May 2022 ndinali mlendo wotere. Mwezi womwewo ndalama ya Malawi inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo kangachepe kamene ndinasunga kanaphwa ndisanakagwiritse ntchito. Anthu amene ndinawadziwa pa ulendo woyamba ankandiitana, uyu akufuna geti, uyu akufuna zitsulo za pawindo, ine n'kumakana. Abale anga, mwamuna wa manja ake kukhala pa mpando tsiku lonse kwa apongozi, akudya nsima imene sanaigwirire ntchito, ndi chinthu chowawa.

Satana anadikira nthawi imeneyo. Mnzanga uja anabwera madzulo ena n'kunditengera ku kalesitilanti kena kuseri kwa msika, kumene tinapeza bambo wina wovala jekete yabwino, akudya nsima ya nkhuku ya lokolo mosafulumira. Atasamba m'manja anatulutsa reji yobiriwira, chitupa cha unzika cha kuno, m'thumba, naiyika pa tebulo, naikankhira kwa ine ndi chala chimodzi. Chithunzi chinali cha mnzangayo, koma dzina silinali lake. Nambala inathera ndi 1, monga zimakhalira za nzika.

"Bwana, musavutike ndi za mapemiti," anatero bamboyo. "Chinyanja mumalankhula, nkhope ndi ya kum'mawa. Tikupezerani mudzi ku Chadiza, mfumu yake muiloweza. Kuli mdala wathu amene amalumbira kuti ndinu mwana wake. Milungu iwiri yokha, mwakhala mwini dziko. Mukwatira, mugwira ntchito, palibe wokufunsani."

Mtengo umene anatchula unali wochepa kuposa zimene ndinkayembekeza kuwononga pa njira ya boma. Mnzanga anali kundigwedeza ndi bondo pansi pa tebulo. Ine maso anali pa reji ija, koma khutu linaima pa mawu amodzi, akuti mdala wina adzalumbira kuti ndine mwana wake. Bambo anga anamwalira ndili Fomu 2. Ali m'manda ku Mvera, ndipo mtanda wa chitsulo umene uli pamenepo ndi chinthu choyamba chimene ndinawotcherera nditaphunzira ntchito. Sanandisiyire ng'ombe kapena munda waukulu. Anandisiyira dzina lokha. Ndinauza bamboyo kuti ndikaganiza, n'kutuluka mtima ukugunda.

Usiku umenewo ndinafotokozera chibwenzi changa, ndipo iye sanayankhe, anangopita kukaitana bambo ake. Apongozi anakhala pa mpando wawo pafupi ndi mbaula, namva zonse osandidula. Kenaka anati, "Akamwini, munafika kuno tikulira a Kaunda. Mukudziwa kuti makolo awo anachokera kwanu? Bambo awo anabwera kudzalalikira ku Lubwa. Munthu ameneyu analamula dziko lino zaka 27, koma mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti amene makolo ake sanabadwire kuno asapikisane nawo pa upulezidenti, ndipo mu 1999 khoti ku Ndola linanena kuti si nzika. Zinakonzedwa pambuyo pake chifukwa choonadi chinali nawo. Tsono ngati anakumba kwawo kwa a Kaunda, inu ndi kareji kogula mudzabisala kuti? Tsiku limene mudzakangane ndi munthu pa ngongole, kapena pa malire a puloti, adzathamangira kukakunenani. Ine mwana wanga sindimupereka kwa munthu amene kulibe. Ndikafuna kupepesa maliro, ndidzapita mudzi uti?"

Tinagwada pomwepo tonse, apongozi aakazi akutsogolera pemphero. Sanapemphe kuti mapepala atuluke msanga. Anapempha kuti Mulungu atipatse mtima wodikira, ndi kuti atitsekere pakamwa pa bodza ngakhale litakoma bwanji. Mawa lake ndinatumiza uthenga kwa mnzanga kuti auze bambo uja asandiyembekeze.

Kuchokera pamenepo tinayenda njira yaitali. Abusa anatiuza kuti a zolowa ndi kutuluka m'dziko adzafuna setifiketi ya ukwati yovomerezeka, choncho nditabweranso mu August tinapita ku Civic Centre, pa msewu wa Independence, kukalembetsa. Maina athu anakhomedwa pa bolodi masiku 21 kuti ngati pali wotsutsa abwere. Ndinaima pa bolodi ija ndikuwerenga dzina langa lenileni, la bambo anga, litakhomedwa poyera pakati pa Lusaka, aliyense wodutsa akuliona, ndipo ndinayamika Mulungu. Kutchalitchi analengeza katatu. Amayi a Chigwirizano anasonkha ufa, nkhuku ndi mafuta. Mayi anga, amene anali asanawolokepo malire chibadwire, anafika ndi thumba la mtedza ndi nyemba, navina mpaka chitenje kumasuka. Ukwati unadalitsidwa mu September.

Tsopano panatsala chiphaso cha ukwati, chimene kuofesi amachitcha Spouse Permit. Lamulo la zolowa ndi kutuluka la 2010 limati mlendo amene wakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika ya Zambia angathe kuchipempha, ndipo chimakhala cha zaka ziwiri, zikatha n'kuwonjezera. Masiku ano pempho limapita pa intaneti. Mnyamata wina wa kwaya amene amadziwa kompyuta anakhala nafe madzulo onse, akujambula mapepala limodzi limodzi: kalata yopempha, setifiketi ya ukwati, masamba a pasipoti yanga, reji ya mayi a kunyumba, zithunzi, zonse zitadindidwa ndi wolumbiritsa. Ndalama yolipira inasowa. Mkazi wanga anali m'chilimba ndi anzake a kumsika, ndipo mwezi umenewo sunali wake, koma mayi amene inali nthawi yawo anati, "Tengani inu, ine ndidzalandira pa malo panu." Sitinawapemphe. Anangomva kuchokera kwa anzawo.

Pempho litapita, masiku anga a ulendo anali pafupi kutha. Anthu ambiri anandiuza kuti ndingokhala, pakuti ndakwatira kale ndipo mapepala ali m'njira. Koma chidindo cha m'pasipoti chinali ndi tsiku lake, ndipo tinali titalonjeza pamaso pa Mulungu. Mkazi wanga anandiperekeza kokwerera basi ku Intercity m'bandakucha, tisanathe ngakhale mwezi m'nyumba. Sanalire pamaso panga. Anandipatsa nkhuku yootcha ya pa ulendo, n'kunena kuti, "Mukapereke moni kwa amayi. Mukalime, musakakhale."

Miyezi imene inatsatira ndiyo inali yolemera koposa, makamaka kwa iye. Ine ku Mvera ndinali ndi khasu ndi mvula zondiiwalitsa. Iye anatsala ndi pakamwa pa anthu. Pa mpopi ankamva akunong'onezana kuti Mmalawi uja wadya za ukwati n'kuthawa, kuti kwawo ali ndi mkazi ndi ana. Wina anafika mpaka pomuuza kuti akapite kwa mneneri wina amene amapempherera mapepala ukapereka mbewu ya ndalama. Anakana. Tinapangana kuti Lachitatu lililonse tizisala kudya, iye kuno ine uko, ndipo madzulo tizipemphera pa foni. Nthawi zina netiweki inkaduka pakati pa pemphero, ine n'kumalizira ndekha nditakwera pa chulu kuseri kwa nyumba. Tsiku lililonse mnyamata wa kwaya uja ankayang'ana pa kompyuta, ndipo yankho linali lomwelo, akuti pempho likuonedwa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumeneko sindinali nako mwa ine ndekha. Kunkabwera m'mawa uliwonse kokwanira tsiku limenelo.

Mu January 2023, ndili m'munda kubandira chimanga, foni inalira. Nditayankha sindinamve mawu, ndinangomva nthungululu ndi amayi a kumsika akuimba. Patapita nthawi mkazi wanga anakwanitsa kunena kuti, "Avomera. Bwerani kunyumba." Ndinagwada m'matope momwemo pakati pa mizere. Mayi anga ataona ndagwada anaganiza kuti kwagwa maliro, nathamanga akulira, ndipo atamva anayamba kuvina ndi khasu m'manja. Aleluya!

Pobwerera ndinapeza pa malire pasintha. Nyumba yatsopano ya Mchinji ndi Mwami inali itatsegulidwa mu December 2022 ndi a Chakwera ndi a Hichilema, ndipo zidindo za maiko onse awiri zinkadindidwa malo amodzi. Ndinapereka pasipoti ndi kalata ya chivomerezo osanjenjemera. Kuofesi ya a zolowa ndi kutuluka ku Kent Building, pa msewu wa Haile Selassie, tinapita awiri, iye atavala chitenje cha ukwati. Mayi amene anatithandiza anayang'ana zidindo zanga tsamba ndi tsamba, naona kuti palibe tsiku limene ndinapitirira, natipatsa khadi. Anandilangiza kuti chiphaso chimenechi ndi chokhalira ndi banja, ndipo za ntchito zili ndi pempho lake. Ndinatsata zimenezonso, ndipo lero ndimawotcherera poyera, m'mbali mwa msewu, dzina langa litalembedwa pa chikwangwani.

Ndinkaganiza kuti dalitso lathera pamenepo, koma Mulungu anali kuona patsogolo. Kolera imene inayamba mu October 2023 inafika poipa mu January 2024, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la Heroes linasandutsidwa chipatala. Apongozi aamuna, omwe aja anandiletsa reji yogula, anadwala usiku. Mkazi wanga anali ndi pakati, sakanatha kuyandikira. Ana awo aamuna anali ku Copperbelt. Ine ndinawabereka kumsana mpaka pa msewu, n'kupeza galimoto yopita nawo ku bwalo la Heroes. Masiku onse amene anali mkatimo ndinkaima pa geti ya bwalolo pamodzi ndi khamu la anthu odikira kumva za abale awo, apolisi ndi asilikali ali ponseponse. Ankafunsa dzina, ubale ndi nambala ya foni, ine n'kumayankha mutu uli m'mwamba. Ndikanakhala wobisala, sindikanayandikira malo amenewo, ndipo nkhalamba ija ikanasowa woinyamula. Anachira, abale anga. Ali moyo, ndipo Lamulungu lililonse amakhala pa benchi yachiwiri.

Mwezi womwewo mnzanga uja anadwalanso. Anakhala m'nyumba akutsegula m'mimba, akuopa kupita kuchipatala kuti mwina akamufunsa zambiri za mudzi wa pa reji yake. Anthu a nyumba yoyandikana ndiwo anabwera kudzandiuza, ndipo ine ndi madikoni awiri tinamunyamula atafooka kale. Madokotala sanafunse za mudzi, anangomuika madzi, ndipo Mulungu anamuchitira chifundo. Atachira anandiuza kuti chimene chinamuopsa koposa sichinali imfa, koma kuti akanafa akanalembedwa dzina la munthu wina, ndipo mayi ake ku Malawi sakanadziwa kumene wagona. Sindikumuweruza. Njala ndi imene inamukankha, ndipo inenso ndinakhala pa tebulo lomwelo. Tikupemphera naye, ndipo abusa akumuthandiza kuganiza za njira yobwerera ku choonadi.

Mwana wathu wamkazi anabadwa chaka chomwecho cha 2024. Polembetsa kubadwa kwake anafunsa dzina la bambo ndi dziko lawo, ndipo ndinatchula zoona zokhazokha. Iye ndi nzika ya Zambia kudzera mwa mayi ake, ndipo popeza maiko onse awiri tsopano amalola unzika wa pawiri, khomo la kwa bambo ake silinatsekeke. Tapita naye kale ku Mvera, tadutsa pa malire masana, agogo ake amunyamula, ndipo ndamuonetsa pamene agona agogo ake aamuna amene dzina lawo akulinyamula. Mu 2025 chiphaso changa chinawonjezedwa popanda vuto. Lamulo limati amene wakhala ndi chiphaso cha ukwati zaka 5 angapemphe chokhaliratu, ndipo tikuyembekeza tsiku limenelo m'manja mwa Ambuye.

Kwa inu a kwathu amene mwakwatira kapena kukwatiwa kuno ndipo mukukhala mwamantha, mukamva galimoto yaima pakhomo mtima n'kudumpha, ndikukupemphani mwa chikondi: njira ilipo. Ndi yochedwa, imadya ndalama, ndipo mwina idzakulekanitsani ndi wokondedwa wanu kwa kanthawi monga inachitira ife. Konzani pasipoti, lembetsani ukwati wanu, pitani nokha kuofesi mukafunse, osadzera mwa anthu a m'makona. Musabise kwa abusa ndi kwa apongozi anu, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu a mpingo, mukaona mlendo pakati panu, mufunseni mwachifatse ngati mapepala ake ali bwino, pakuti ambiri akuimba nanu kwaya ali ndi mwala pamtima.

Ndikuthokoza apongozi anga, amayi a Chigwirizano, amayi a chilimba, mnyamata wa kompyuta, ndi mkazi wanga amene ananyamula chitonzo chifukwa cha ine. Koposa onse ndikuthokoza Mulungu amene anandigwira dzanja pa tebulo lija. Mutipempherere kuti tikhale okhulupirika pa zaka zimene zatsala, ndipo mupempherere mnzanga uja pamodzi ndi onse amene akufuna kubwerera ku maina awo. Ulemerero ukhale kwa Atate, kwa Mwana ndi kwa Mzimu Woyera. Amen.